Kuteteza tiyi ndi mitengo ya zipatso ku Thekerani pogwiritsa ntchito adani achilengedwe a tizilombo

Kuteteza mbewu pogwiritsa ntchito adani achilengedwe ndi njira yochepetsera tizilombo toononga m'munda podalira zamoyo zina zomwe zimadya, kuikira mazira kapena kudwalitsa tizilomboto, m'malo modalira mankhwala opopera okha.

Njirayi imayenda bwino kwambiri pa mbewu zokhalitsa monga tiyi, mango, mapeyala, malalanje ndi mtedza wa makadamiya kaamba koti mitengoyi imakhala m'munda zaka zambiri, zomwe zimapatsa adani a tizilombo malo okhazikika oti azikhalamo ndi kuswana chaka chonse.

Komabe zomwe zachitika m'dziko muno ndi m'maiko ena zikuonetsa kuti njirayi siipindula ikamatsatidwa ndi mlimi mmodzi, koma pamene maesiteti, alimi ang'onoang'ono, mafumu ndi ogwira ntchito m'boma a dera limodzi achita zinthu mogwirizana.

Dera la Thekerani ndi mbewu zake

Thekerani ali kummwera kwa boma la Thyolo, kufupi ndi mtsinje wa Ruo womwe ndi malire a dziko lino ndi dziko la Mozambique, ndipo ndi limodzi mwa madera a zaulimi omwe unduna wa zamalimidwe udagawa m'bomali.

Msewu wochokera pa boma la Thyolo kupita ku Thekerani umadutsa m'minda ya tiyi ya ku Makwasa usanatsikire ku zitunda ndi zigwa zomwe kwa zaka zambiri zidatchuka ndi ulimi wa nthochi. M'makomo ndi m'minda ya anthu mulinso mitengo ya mango, mapeyala, magwafa, mapapaya ndi zipatso za gulu la malalanje.

Tiyi adabzalidwa koyamba m'dziko muno pa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878. Ulimi wamalonda wa mbewuyi udayambira ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890 ndipo udafika ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Esiteti ya Satemwa idakhazikitsidwa mu 1923, pomwe boma lidakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority mu 1967 pofuna kuti alimi ang'onoang'ono nawo ayambe kulima tiyi.

Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zomwe zimabweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko muno pamodzi ndi fodya komanso shuga, kotero chilichonse chokhudza ubwino wake chimakhudzanso chuma cha dziko.

Magawo atatu a njirayi

Akatswiri amagawa njirayi patatu.

Gawo loyamba ndi kusamala adani omwe alipo kale m'munda monga akangaude, ziswamphika, tizikumbu tamadonthomadontho todya nsabwe za m'mbewu, timavu ting'onoting'ono, mbalame, mileme ndi anamzikambe. Gawoli silifuna ndalama zambiri koma limafuna kuti mlimi azitha kusiyanitsa kachilombo koononga ndi kachilombo kothandiza.

Gawo lachiwiri ndi kuchulukitsa adaniwa m'malo ochitira kafukufuku kapena m'mafakitale kenaka n'kuwamwaza m'munda pa nthawi yomwe akufunika. M'gawoli mulinso mitundu ya chuku monga Metarhizium ndi Beauveria yomwe imamera pa thupi la kachilombo, n'kulowa mkati mpaka kukapha.

Gawo lachitatu limagwira ntchito pamene kachilombo kachilendo kalowa m'dziko kosabwera ndi adani ake. Zikatero akatswiri amapita kudziko komwe kachilomboko kadachokera kukafunafuna mdani wake, kumuyesa mosamala kuti asadzaononge zamoyo zina, kenaka n'kumumasula. Ntchito yotere idatchuka koyamba ku California m'dziko la America mu 1888 ndi 1889 pamene kachikumbu kochokera ku Australia kadapulumutsa minda ya malalanje yomwe inkatha ndi tizilombo toyamwa madzi a m'mitengo.

Zomwe dziko lino lidaona kale

Njirayi si yachilendo kuno ku Malawi. M'chaka cha 1985 kachilombo koononga chinangwa komwe anthu a m'mphepete mwa nyanja amakatchula kuti kodikodi kadabuka ku Nkhata Bay ndi kubweretsa njala m'mabanja odalira kondowole.

Kachilomboka kadachokera ku South America ndipo kadaoneka koyamba mu Africa mu 1973 m'madera ozungulira Kinshasa ndi Brazzaville. Bungwe la International Institute of Tropical Agriculture lidabweretsa kamavu kotchedwa Anagyrus lopezi kuchokera ku Paraguay, komwe kamaikira dzira m'thupi la kodikodi ndipo mphutsi yake imadya kachilomboko kuyambira mkati. Kamavuka kadamasulidwa koyamba ku Nigeria mu 1981, kenaka m'maiko ena ambiri kuphatikizapo Malawi, ndipo patapita zaka zochepa vutoli lidachepa. Yemwe adatsogolera ntchitoyi, Hans Herren, adalandira mphotho ya World Food Prize mu 1995.

Pa mitengo, nsabwe zoononga mitengo ya mkungudza zidaoneka koyamba mu Africa kuno ku Malawi mu 1986, ndipo m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a zankhalango adamasula kamavu kotchedwa Pauesia kuti kazichepetse. M'zaka zomwezo tizikumbu ta mtundu wa Neochetina tidamasulidwa mu mtsinje wa Shire kuti tizidya namasupuni.

Phunziro la ntchito zitatuzi ndi loti mdani wachilengedwe samaliziratu kachilombo. Iye amakachepetsa kufika pa mlingo woti sikangaononge zambiri, ndipo akakhazikika amafalikira yekha popanda mlimi kulipira kanthu.

Tizilombo ta tiyi

Kafukufuku wa tiyi m'dziko muno amachitika ndi bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lomwe lidakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa m'boma la Mulanje. Bungweli ndi lomwe lidatulutsa mitundu ya tiyi monga SFS 150 ndi PC 108, ndipo posankha mitundu yatsopano limaonanso momwe ikupiririra ku chilala, matenda ndi tizilombo.

Kachilombo koyamba kovuta pa tiyi ndi Helopeltis schoutedeni, komwe kamaoneka ngati udzudzu waukulu. Kamaboola nsonga zanthete ndi kusiya malovu aululu omwe amachititsa madontho akuda, ndipo tsamba limapindika n'kuuma. Kamachuluka m'nyengo ya mvula ndi miyezi yotsatira, nthawi yomwenso tiyi amaphuka kwambiri.

Kachiwiri ndi kangaude wofiira wa mtundu wa Oligonychus coffeae, wamng'ono ngati kadontho, yemwe amakhala pamwamba pa masamba okhwima ndi kuwasandutsa ofiirira. Uyu amachuluka m'chilimwe, makamaka pa tiyi wofooka ndi ludzu komanso wa m'mphepete mwa misewu yafumbi.

Palinso tizilombo ting'onoting'ono ta mtundu wa Scirtothrips aurantii tomwe timakanda masamba anthete m'miyezi yotentha mvula isanagwe, mbozi zoboola makungwa, komanso chiswe chomwe chimavuta pa tiyi wongobzala kumene ndi wodulira.

Pali zifukwa zitatu zomwe kupopera mankhwala kumavutira pa tiyi.

Choyamba n'chakuti m'nyengo ya mvula tiyi amathyoledwa pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri zokha, choncho nthawi yoti mankhwala asuluke pa tsamba imachepa, pomwe tsambalo silitsukidwa lisanalowe m'fakitale.

Chachiwiri ndi msika. Maiko a mu mgwirizano wa European Union ali ndi lamulo la mu 2005, lomwe lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2008, loika malire a zotsalira za mankhwala mu zakudya ndi zakumwa zonse zolowa m'maikowo. Mankhwala a endosulfan omwe alimi a tiyi m'maiko ambiri ankadalira polimbana ndi Helopeltis adaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa pangano la Stockholm. Mabungwe opereka ziphaso monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade nawo amafuna umboni woti mlimi amayesa kaye njira zina asanapopere.

Chachitatu n'chakuti mankhwala opha chilichonse, monga ena a gulu la pyrethroid, amaphanso adani a kangaude wofiira. Popeza kangaudeyu amaswana msanga kuposa adani ake, kawirikawiri amabwerera ali wochuluka kuposa kale ndipo mlimi amakakamizika kupoperanso.

Kaamba ka izi, maziko a kuteteza tiyi ndi kasamalidwe ka munda. Helopeltis amaikira mazira mkati mwa nsonga zanthete, kotero kuthyola tiyi mu nthawi yake komanso kuchotsa nsonga zonse zoonongeka kumachotsanso mazira ambiri. Kuphimbira nthaka, kuthira feteleza woyenera ndi kubzala mitengo yotchinga mphepo ndi fumbi kumalimbitsa tiyi ku kangaude wofiira. Timitengo, maluwa ndi nkhalango zachilengedwe zotsala m'makhwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje ndi mothawiramo adani a tizilombo pamene tiyi waduliridwa, komanso timavu timapeza timadzi ta m'maluwa tomwe timadya.

Ngati kupopera kwafunika, langizo ndi loti mlimi ayendere kaye munda ndi kuwerenga nsonga zoonongeka, kenaka apopere malo okhawo omwe agwidwa, pogwiritsa ntchito mankhwala ovomerezeka pa tiyi, osati munda wonse potsatira kalendala.

Ntchentche za zipatso

Pa mango, magwafa ndi malalanje mdani wamkulu ndi ntchentche za zipatso. Yaikazi imaboola khungu la chipatso ndi kuikiramo mazira, mphutsi zimadya mkati, chipatso chimagwa chisanakhwime, ndipo mphutsizo zimalowa m'nthaka momwe zimasandukira ntchentche zatsopano.

Vutoli lidakula pamene ntchentche yochokera ku Asia yotchedwa Bactrocera dorsalis idapezeka ku Kenya mu 2003 ndi kufalikira m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Kupatula kuoletsa zipatso, ntchentcheyi imatsekereza misika chifukwa maiko ogula amakana zipatso zochokera ku madera komwe ikupezeka.

Bungwe lofufuza za tizilombo la icipe la ku Nairobi lidakonza njira zingapo zogwira ntchito pamodzi, ndipo mu 2019 lidayamba ntchito yozifalitsa m'maiko a Malawi, Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe ndi thandizo la mabungwe a IDRC a ku Canada ndi ACIAR a ku Australia.

Njira yoyamba ndi timavu tiwiri tomwe bungweli lidaitanitsa kuchokera ku Hawaii. Kotchedwa Fopius arisanus kamaikira dzira lake mkati mwa dzira la ntchentche, pomwe Diachasmimorpha longicaudata kamalasa mphutsi zomwe zili kale m'chipatso. Timavuti sitiluma anthu kapena ziweto.

Yachiwiri ndi misampha yokhala ndi mankhwala onunkhira a methyl eugenol omwe amakopa ntchentche zazimuna zokha, ndipo msamphawo utha kupangidwa ndi botolo lapulasitiki lobooledwa. Yachitatu ndi nyambo ya chakudya yothira poizoni wochepa yomwe imawazidwa pa kachigawo kochepa ka mtengo osati pa zipatso. Yachinayi ndi chuku cha Metarhizium chomwe chimathiridwa pansi pa mtengo kuti chiphe mphutsi zolowa m'nthaka.

Yachisanu, yomwe mlimi aliyense angaikwanitse, ndi kutola zipatso zonse zakugwa. Zipatsozi zimakwiriridwa m'dzenje lakuya pafupifupi theka la mita kapena kumangidwa m'thumba lakuda lapulasitiki n'kusiyidwa padzuwa. Komwe timavu tamasulidwa, zipatsozi zimaikidwa m'kachihema kokhala ndi neti yomwe maso ake amalola timavu kutuluka koma amatsekera ntchentche mkati.

Apa ndi pamene mgwirizano umaonekera kufunika kwake. Ntchentche zimauluka kuchoka munda wina kupita munda wina, choncho mtengo umodzi wa mango kapena gwafa wosasamalidwa pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa bwalo la ofesi ungathe kubwezera ntchentche m'minda ya mudzi wonse.

Nyerere, mbalame ndi mileme

Nyerere zofiira zomwe zimamanga zisa polumikiza masamba m'mitengo, zotchedwa Oecophylla, ndi mdani wachilengedwe wakale kwambiri pa ulimi wa zipatso, popeza alimi a malalanje a ku China ankazigwiritsa ntchito zaka zoposa 1,600 zapitazo.

Kafukufuku wa ku Benin adaonetsa kuti mango a m'mitengo yokhala ndi nyererezi sagwidwa kwambiri ndi ntchentche, pomwe ku Tanzania zidapezeka kuti zimachepetsa Helopeltis pa mitengo ya mtedza wa kashu. Nyererezi zimakonda madera otentha ndipo zimaluma, kotero n'zoyenera m'mitengo ya zipatso kusiyana ndi m'minda ya tiyi momwe anthu amathyola masamba ndi manja.

Pa makadamiya, omwe maesiteti angapo a ku Thyolo amalima pambali pa tiyi, tizilombo tovuta ndi anunkhadala omwe amaboola mtedza ukadali wanthete komanso mbozi zolowa mkati mwa mtedzawo. Kafukufuku wa m'minda ya makadamiya ku South Africa adapeza kuti mitengo yomwe mbalame ndi mileme zidatchingidwa kuti zisafikeko idaonongeka kwambiri kuposa inzake. Ichi ndi chifukwa chinanso chosungira nkhalango zotsala m'bomali.

Nthochi ndi chisaka: pomwe njirayi imalekezera

Anthu a ku Thekerani akudziwa bwino zomwe kachilombo kamodzi kangachite pa chuma cha dera. Matenda a chisaka adaoneka koyamba m'dziko muno ku Nkhotakota pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo atafika ku Thyolo ndi Mulanje adatha minda yambiri ya nthochi mpaka dziko lino lidayamba kugula nthochi zochuluka kuchokera ku Tanzania ndi Mozambique.

Matendawa amayamba ndi vayirasi yomwe imafala kudzera mu mbewu yodwala komanso nsabwe zakuda za nthochi zotchedwa Pentalonia nigronervosa. Nthochi yodwala imapinimbira, masamba ake amakhala aafupi, oimirira ndi othithikana pamwamba, ndipo kawirikawiri sibereka.

Ngakhale tizikumbu ndi tizilombo tina timadya nsabwezi, sitingathetse chisaka. Nsabwezo zimabisala m'makoko a thunthu la nthochi momwe nyerere zimazitetezera pofuna timadzi totsekemera tomwe zimatulutsa, ndipo nsabwe zochepa chabe n'zokwanira kufalitsa matendawa.

Chisaka chilibe mankhwala. Njira yomwe unduna wa zamalimidwe wakhala ukulimbikitsa, kuphatikizapo kudzera mu ndondomeko ya ASWAp, ndi kuzula phata lonse lodwala, kuliduladula kuti liume, kusiya malowo kwa kanthawi opanda nthochi ndi kubzala mbewu yopanda matenda yochokera kwa akatswiri. Mlimi mmodzi akakana kuzula, mbewu yatsopano ya anzake imadwalanso.

Pa nankafumbwe wa nthochi, yemwe mphutsi zake zimaboola tsinde, mlimi angathe kutchera misampha pong'amba thunthu la nthochi yodulidwa n'kuliika chovundikira pafupi ndi phata, kenaka n'kumatola anankafumbwe obisala kunsi kwake pakapita masiku ochepa.

Mankhwala ochokera ku zomera

Alimi ambiri amagwiritsa ntchito nimu ndi mthuthu, womwe ena amautchula kuti ombwe, popopera mbewu. Mankhwalawa sachedwa kusuluka, koma nawo ayenera kusamalidwa. Mthuthu umapha nsomba, kotero suyenera kutsukidwira mu mtsinje. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2012 adapezanso kuti m'dziko muno muli mitundu iwiri ya mthuthu yooneka mofanana, koma umodzi ulibe mphamvu yopha tizilombo.

Mlimi wa tiyi yemwe amagulitsa masamba ake ku fakitale ayenera kufunsa kaye alangizi a fakitaleyo asanapopere chilichonse, ngakhale chochokera ku zomera, chifukwa masamba a alimi ambiri amasakanizidwa pamodzi.

Malamulo ndi udindo wa maofesi

Lamulo loona za mankhwala ophera tizilombo la mu 2000, lomwe lidaunikidwanso mu 2018, lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board lomwe limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa. Lamulo loteteza mbewu la mu 2018, lomwe lidalowa m'malo mwa la mu 1969, limayang'anira kalowedwe ka mbewu ndi zamoyo zomwe zingakhudze ulimi.

Palibe munthu, kampani kapena bungwe lomwe liyenera kulowetsa mdani wachilengedwe m'dziko muno popanda chilolezo cha nthambi yoona za kafukufuku wa ulimi. Dziko la Australia lidalowetsa achule akuluakulu mu 1935 kuti azidya tizilombo ta nzimbe popanda kuyesa mokwanira, ndipo achulewo adasanduka mliri womwe ukuphabe nyama zachilengedwe za m'dzikolo.

Boma la Thyolo lili ndi mwayi woti malo ochitira kafukufuku wa zipatso ndi ndiwo zamasamba a Bvumbwe ali m'boma lomwelo. Kachilombo kachilendo kakaoneka, mlangizi ayenera kutenga chitsanzo ndi kuchitumiza kumeneko kudzera ku ofesi ya zamalimidwe ya pa boma asanalangize alimi mankhwala alionse. Kuyambira mu 2013 dziko lino lidayambanso kukhala ndi zipatala za mbewu pansi pa ndondomeko ya Plantwise ya bungwe la CABI, komwe alimi amapita ndi masamba kapena zipatso zodwala kukalandira uphungu.

Kwa makhonsolo, makomiti a chitukuko ndi mafumu, ntchito yaikulu ndi kugwirizanitsa anthu kuti kutola zipatso zakugwa, kutchera misampha ndi kuzula nthochi zodwala kuzichitika m'midzi yoyandikana pa nthawi imodzi. Ogwira ntchito m'misika ndi m'malo owolokera mtsinje wa Ruo ayenera kukhala tcheru ndi ana a nthochi komanso mbande za zipatso zosadziwika komwe zachokera. A zankhalango ali ndi udindo woteteza mitengo ya m'makhwawa, pomwe a zaumoyo ndi a zantchito ayenera kuonetsetsa kuti opopera mankhwala ali ndi zovala zodzitetezera.

Okonza ndondomeko za chuma ayeneranso kudziwa kuti zotsatira za njirayi zimaoneka pakadutsa nyengo zingapo za ulimi, osati masiku ochepa monga zimakhalira ndi mankhwala. Pachifukwa ichi ndalama zoyendera minda, kuphunzitsa alangizi ndi kusunga kaundula wa tizilombo topezeka m'dera lililonse ziyenera kuikidwa mu ndondomeko ya chaka ndi chaka, osati kudikira kuti mliri ubuke.